Tikakhome Kuti Tenti Kunyanja?

Funso: Ndine mphunzitsi wa ku Furancungo. Patchuthi ine ndi anzanga tikufuna kukagona m'matenti kunyanja. Tisankhe malo otani?

Yankho: Aphunzitsi, ngati ziphaso zodutsira malire muli nazo, dzerani ku Ulongwe, mudutse pa Calomue kulowa Dedza, mutsikire ku Senga Bay, ku Salima. Kumeneko kuli malo olipira okhala ndi alonda, zimbudzi ndi madzi. Nyanja ya Cahora Bassa nayonso njokongola, koma ng'ona ndi mvuu n'zambiri, ndipo kutentha kwake kungakufooleni inu ozolowera kamphepo ka kumapiri.

Khomani tenti pamtunda, kutali ndi bango, chifukwa m'bangomo mumabisala ng'ona, udzudzu ndi nkhono zofalitsa likodzo. Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti mwera umawomba mwamphamvu, choncho khomo lisayang'ane kummwera. Masikito musaiwale. Mukafuna kugona pagombe la mudzi, yambani mwakaonekera kwa amfumu.