Makutu opindika aja ndi matenda

Mu 1961, pa famu ina pafupi ndi Coupar Angus ku Scotland, mbusa wa nkhosa dzina lake William Ross anaona mphaka woyera wa makutu achilendo. M'malo moima njo ngati a amphaka anzake, makutuwo anali opindikira kutsogolo, ogona pamutu. Eni ake ankamutcha Susie. Ross ndi mkazi wake Mary anapatsidwa mwana mmodzi wa Susie n'kuyamba kuchulukitsa mtunduwo, ndipo mu 1966 bungwe la GCCF, lomwe limalembetsa amphaka ku Britain, linawaika m'kaundula. Amenewa ndiwo akutchedwa Scottish Fold lero. Pofika 1971 bungwe lomwelo linasiya kuwalembetsa, litaona kuti ena mwa iwo akupunduka miyendo ndi mchira, ndipo mpaka lero silinawabwezeremo. Apo n'kuti ena atawoloka kale nyanja kupita ku America, kumene anthu anawakonda kwambiri. Woimba Taylor Swift ali nawo awiri, ndipo zithunzi za amphaka otere zafika pa foni ya aliyense, yako yomwe.

Taima kaye pamenepa, mphwanga, pakuti ndi pomwe zinalakwikira. Khutu la mphaka limaima chifukwa cha kafupa kofewa kam'kati mwake, ndipo mwa amphaka awa kafupako n'kolumala chibadwire. Kodi ukuyesa kafupa kofewa kali m'khutu mokha? Kali m'mapazi, m'maondo, mumchira, paliponse pamene mafupa amalumikizana. Tiana timabadwa ndi makutu owongoka, amayamba kupindika pakatha masabata atatu, kenako miyendo imatsatira mwakachetechete. Woweta wina adzakuuza kuti ake ndi abwinobwino chifukwa anakweretsa wa makutu opindika ndi wa makutu owongoka. Usamumvere. Mu 1999 dokotala wa ziweto wa ku Australia, Richard Malik, ndi anzake anasonyeza kuti nawonso amphaka obadwa chotero amagwidwa ndi nyamakazi yomweyo, kungoti ena imawachedwerako. Mu 2016 akatswiri anapeza kuti kupindika kwa khutu ndi kuwonongeka kwa miyendo kumachokera pa chilema chimodzi cha chibadwa. Sungasankhe chimodzi n'kusiya chinzake. M'chigawo cha Flanders ku Belgium analetsa kuweta ndi kugulitsa amphakawa mu 2021.

Choipa n'chakuti mphaka salira ululu ngati galu. Amangogona tsiku lonse, amasiya kudumphira pa mpando, amayenda monyang'ama, mchira uli waufupi, wonenepa, wouma gwa. Mwini wake amauza alendo monyadira kuti, "Wangayu ndi wofatsa." Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Usanene kuti izi n'za azungu. Agogo athu mphaka ankangopempha kwa anansi kuti adzagwire makoswe m'nkhokwe, ndipo akanamva kuti mdzukulu wawo akusunga malipiro a mwezi kuti agule mphaka akanagwira pakamwa. Koma ndi mmene zakhalira. Kwathu kuno ku Livingstone ndi tauni ya pa malire: Zimbabwe ili kutsidya kwa mlatho wa pa Mosi-oa-Tunya, mathiraki ochokera ku Johannesburg amadutsa pa mlatho wa Kazungula kuyambira mu 2021, ndipo tinazolowera kuti chilichonse chabwino chimabwera m'katoni. Ndiye ukaona pa Facebook kapena pa gulu la WhatsApp kamphaka ka nkhope yobulungira ndi mawu oti katsala kamodzi, tumiza dipoziti lero, mtima umathamanga kusiya mutu m'mbuyo.

Funso loyamba ndi ili: kamphakako kalipodi? Mu 2017 bungwe la Better Business Bureau ku America linatulutsa lipoti lonena kuti mwa malonda olipiridwa a ziweto amene amatuluka munthu akamasaka pa intaneti, 80 pa 100 alionse akhoza kukhala abodza. Machitidwe ake sasintha. Chithunzi n'chakuba. Ukatumiza ndalama yoyamba, pamabwera ya bokosi lapadera loyendera, kenako ya inshuwaransi, kenako akuti mphaka wagwidwa pa malire ndipo afa ndi njala ukapanda kutumiza ina usiku womwewo. Kuno amangosintha njira, ndalama imapita pa Airtel Money kapena pa MTN, ku nambala ya dzina losiyana ndi la amene ukulankhula naye. Muuze akuimbire pa vidiyo, atanyamula kamphakako, mayi wake ali pambali. Akayamba za netiweki, wadziwa kale.

Nanga kakakhalapodi, kakuchokera kunja, mapepala ake ali kuti? Chiweto sichilowa m'Zambia popanda chilolezo cha Department of Veterinary Services, kalata ya dokotala wa ziweto wa boma wa dziko limene chikuchokera, ndi umboni wa katemera wa chiwewe. Katemera ameneyu amabaya mphaka akakwanitsa miyezi itatu. Tsono werengera wekha: kamphaka ka masabata asanu ndi awiri kamene akuti kali ndi mapepala onse, kanabayidwa liti? Kalowa mozemba, pansi pa mpando wa thiraki, ndipo chiwewe sichifunsa mtengo umene unagulira. M'nyumba mwako muli ana.

Woweta weniweni amakulola kufika pakhomo pake. Amene akuti mukumane pa siteshoni ya mabasi, kapena pa msika wa Maramba, kapena akuti angokutumizira pa basi ya ku Lusaka, ali ndi chimene sakufuna kuti uone. Makilomita pafupifupi 480 a ku Lusaka si pafupi, koma ngati ndalama ya mphaka uli nayo, ya basi isakusowe. Ku England anachita kuika lamulo mu April 2020, lotchedwa Lucy's Law, loletsa ogula n'kugulitsanso kuchita malonda a tiagalu ndi tiamphaka tosakwana miyezi isanu ndi umodzi. Lucy anali galu amene anamupulumutsa mu 2013 pa famu ina ku Wales, atapindika msana chifukwa chokhala m'kakhola kopanikiza, ntchito yake kungobereka basi. Ndiwo moyo wa mayi wa kamphaka amene sakukuonetsayo.

Ukafika, usathamangire kunyamula kamwana. Yamba wayang'ana mayi. Kodi ndi wowonda, nthiti zikuwerengeka? Akuthawa mwini wake? Nyumbayo ikununkha mkodzo mpaka kuwawa m'maso? Muli mitundu ingati, tiana tingati? Munthu amene ali ndi Persian, Siamese, Maine Coon ndi Bengal nthawi imodzi, mwezi uliwonse, ameneyo ndi wamalonda chabe. Ukatero tenga kamwanako. Ona ngati m'maso muli manthongo, ngati kakuyetsemula, ngati m'makutu muli zakuda. Pitiriza chala mu ubweya mobwerera m'mbuyo, ufufuze nthata ndi timadontho tosoka ubweya. Timadontho timeneto kawirikawiri ndi chipere, amphaka a Persian amachitenga msanga, ndipo chimadumphira kwa anthu. Funsanso msinkhu. A GCCF amalangiza kuti kamphaka kasachoke kwa mayi wake kasanakwanitse masabata 13, katalandira katemera kawiri. Pa khadi la katemera pazikhala timapepala tomata tochokera pa botolo la mankhwala, siginecha ndi chidindo cha dokotala. Muimbire dokotalayo. Ngati mphaka akuti analembetsedwa ku South Africa, ku Southern Africa Cat Council kapena ku Cat Federation of Southern Africa, lembera bungwelo ufunse ngati dzina la khola limenelo akulidziwa. Satifiketi aliyense angathe kuisindikiza mu tauni muno.

Persian ali ndi vuto lakelake lobisika. Mu 2004 gulu la Leslie Lyons ku University of California, Davis, linapeza chilema cha chibadwa chimene chimayambitsa matenda a impso otchedwa PKD, amene panthawiyo ankapezeka mwa Persian woposa mmodzi pa atatu alionse. Impso zimamera timatumba ta madzi pang'onopang'ono, ndipo mphaka amaoneka wathanzi zaka zingapo asanayambe kumwa madzi kwambiri ndi kuwonda. Kholo limodzi likakhala nawo, pafupifupi theka la ana amatengera. Kuyeza kwake n'kosavuta, amangopukuta m'kamwa ndi kathonje n'kutumiza ku labotale. Uza woweta akuonetse zotsatira za makolo onse awiri. Akakwiya ndi funsoli, nyamuka. Woweta wabwino nayenso amakupanikiza ndi mafunso: ukhala naye kuti, pali agalu, udzamubweza kwa ine zikakukanika? Ganiziranso za October wa kuno, pamene kutentha kumapitirira madigiri 35 magetsi atazima. Mphaka wa ubweya wautali ndi mphuno yophwatalala amavutika kupuma ngakhale kukuzizira. Ukamuona akupuma kukamwa kuli yasa, thamanga naye kwa dokotala nthawi yomweyo.

Mwina ukuwerenga izi wa makutu opindika ali kale pa miyendo pako. Usamutaye, sanalakwe iye. Kamufulitse kapena kamutseketse kuti asabereke, ngakhale anzako akulonjeze ndalama za tiana take. Usamulole kunenepa, muikire chakudya ndi mchenga wake pansi pomwe sayenera kudumpha, ndipo dokotala wa ziweto azimuona miyendo ndi mchira. Ukaona akutsimphina, usatsegule kabati ya mankhwala a m'nyumba. Chiwindi cha mphaka sichitha kusungunula paracetamol, ndipo piritsi limodzi la Panado likhoza kumupha: nkhama zimada, nkhope imatupa, mpweya umamuthera.