Phunziro: Chifukwa Chake Waya Amatentha

Madzi a m'nyanja yathu akatuluka pa Mangochi amadutsa m'nyanja ya Malombe, n'kukafika ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, kumene amazunguza makina a EGENCO. Magetsi opangidwa kumeneko amabwera kuno pa mawaya a ESCOM, koma safika onse. Akamayenda mu waya amakumana ndi zopinga, monga bwato lopalasidwa pakati pa namasupuni, ndipo mphamvu yolimbana ndi zopingazo imasanduka kutentha. Waya akatalika kapena akaonda, zopinga zimachuluka. Choncho waya wotentha ndi ndalama zimene zikupsa popanda kuphika kanthu.

Apa m'pofunika kusamala kwambiri. Ambiri timagula waya wotchipa wowonda, n'kulumikizako ketulo, hotipuleti ndi fuliji ya nsomba pa soketi imodzi. Ena amapota mawaya awiri ndi zala n'kukulunga ndi pepala la pulasitiki. Polumikizira potere ndi pamene pamatentha msanga, ndipo m'mwezi wa Okutobala, denga la udzu litauma gwa, moto suchedwa. Gwirani pulagi ndi kuseri kwa dzanja: ikafunda, ikada, kapena mukamva fungo la pulasitiki wopserera, zimitsani pomwepo. Itanani wodziwa ntchito amene ali ndi chiphaso cha MERA. Kuumira pa waya n'kuika nyumba ndi ana pa chiswe.

Kodi chilipo chinthu chodutsa magetsi popanda chopinga? Chilipo. M'chaka cha 1911, Heike Kamerlingh Onnes wa ku Leiden, m'dziko la Netherlands, anaziziritsa mekyule mpaka madigiri 269 pansi pa ziro, ndipo zopinga zonse zinatheratu. Zinthu zotere amazitcha ma superconductor. Vuto lake ndi kuzizirako, chifukwa kumadya ndalama zambiri. N'chifukwa chake akatswiri akufufuza zinthu zina, makamaka zopyapyala kwambiri. Mu 2004, Andre Geim ndi Konstantin Novoselov a ku Manchester anamata selotepi pa graphite, chakuda chija cha m'kati mwa pensulo, n'kumasenda mpaka panatsala kachigamba kopyapyala kosaoneka ndi maso, kotchedwa graphene. Graphite ameneyu alipo wambiri ku Kasiya ndi ku Malingunde m'boma la Lilongwe.

Chophunzitsa kwambiri n'chakuti masamu ndiwo anatsogola. Mu 2011, Rafi Bistritzer ndi Allan MacDonald a ku Texas anawerengera kuti tizigamba tiwiri ta graphene tikasanjikizidwa, kapamwamba n'kupotozedwa pang'ono pokha, pafupifupi digiri 1.1, magetsi adzayenda mwachilendo. Mu 2018, gulu la Pablo Jarillo-Herrero ku MIT, ku America, linayesa, ndipo litaziziritsa kwambiri linapeza kuti magetsi akudutsadi popanda chopinga. Lero akatswiri amayamba awerengera pa kompyuta kuti aone chinthu choyenera kuyesa, kusiyana ndi kumwaza ndalama poyesa chilichonse.

Wina anganene kuti, "Za azungu izo, zimuthandiza chiyani msodzi wa ku Makawa?" N'zoona kuti waya wotere sanafike pa mapolo athu, ndipo sangafike mawa. Koma taonani nyali zoitanira usipa usiku. Kale zinali za parafini, lero asodzi ambiri ali ndi za LED, zimene zimawala kwambiri pa batire laling'ono. Kuwala koyera kumeneku kunatheka akatswiri a ku Japan atapanga LED ya buluu cha m'ma 1990. Nayonso inayambira m'chipinda chofufuzira, kutali ndi nyanja. Ndiye mwana akamalimbikira masamu, musamuchotse pasukulu kuti azikakoka khoka.

Mafunso okambirana
1. N'chifukwa chiyani waya wowonda amatentha msanga?
2. Tchulani zizindikiro zitatu zosonyeza kuti pulagi yafika poopsa.
3. Kodi kuwerengera musanayese kumapulumutsa bwanji ndalama pa ntchito yanu?