Realm ndi Sphere: mawu awiri amene dziko lathu linakhalamo

Ambiri a ife tinakumana nawo mawu awiriwa m'mabuku a Chingerezi, n'kungowadumpha. Wolemba akati nkhani ili "in the realm of politics", wina n'kuti "in the political sphere", timamva kuti onse akunena za ndale, ndipo apo sitilakwa. Vuto limayamba tikagwira cholembera tokha, kapena tikaimirira kutsogolo pa Sabata kumasulira mlendo wolalikira m'Chingerezi. Pamenepo timangotola mawu amene afika msanga pakamwa, monga "dera", "gawo" kapena "mbali", ndipo kusiyana kwa mawu awiriwa kumasowa. Kusiyanako kulipo. Realm amafunsa kuti, akulamulira muno ndani, nanga malamulo ake ndi otani? Sphere amafunsa kuti, mphamvu ya chinthuchi ikufika mpaka pati?

Tiyambe ndi realm. Mawuwa analowa m'Chingerezi kudzera m'Chifalansa chakale, ndipo muzu wake ndi mawu a Chilatini akuti regimen, kutanthauza ulamuliro. Tanthauzo lake loyamba ndi ufumu: dziko lokhala ndi mfumu, malire ndi malamulo. Nkhondo yoyamba ya dziko lonse itayamba mu 1914, nyumba ya malamulo ya ku Britain inakhazikitsa lamulo lotchedwa Defence of the Realm Act, lamulo loteteza ufumu. Ngakhale pamene mawuwa akugwiritsidwa ntchito mophiphiritsa, fungo la ufumu silichoka. Mngerezi akati "the realm of dreams" akuona maloto ngati dziko lina limene munthu amalowamo n'kupeza malamulo ena: kumeneko munthu amauluka, ng'ombe imayankhula, ndipo palibe wodabwa. Akati chinthu chili "within the realm of possibility" akunena kuti sichinadutse malire a zinthu zotheka. Mu realm umakhala uli mkati kapena kunja.

Sphere ndi wochokera kwina. Agiriki ankati sphaira ponena mpira, ndipo mpaka lero m'kalasi ya masamu sphere ndi chinthu chobulungira ngati lalanje, chimene malo onse a pamwamba pake ali pa mtunda wofanana kuchokera pakati. N'chifukwa chake timamva za hemisphere, theka la dziko lapansi, ndi atmosphere, mpweya umene wakuta dzikoli. Akatswiri akale a zakuthambo, monga Ptolemy wa ku Alexandria, ankaphunzitsa kuti dziko lapansi lili pakati, ndipo mwezi, dzuwa ndi mapulaneti zimayenda chilichonse pa mpira wakewake wozungulira dzikolo. Ngakhale Copernicus, amene mu 1543 anaika dzuwa pakati, sanataye ganizo la mipira yakumwambayi. Apa ndi pamene panachokera tanthauzo lophiphiritsa: monga pulaneti ili ndi mpira wake, munthunso ali ndi malo ake ogwiramo ntchito ndi anthu amene mawu ake amawafika.

Taganizani za nsanja ya netiweki ya foni. Pafupi nayo foni imagwira bwino, mukamatalikira imayamba kudukaduka, kenaka mumakwera pachulu kufuna kamzere kamodzi. Palibe chikwangwani chonena kuti netiweki yathera apa. Komanso malo amodzi akhoza kufikiridwa ndi nsanja ziwiri. Umo ndi momwe sphere alili: ali ndi pakati, amachepa mphamvu pang'onopang'ono, ndipo amatha kulowerana ndi mnzake. Realm ali ngati munda wokhala ndi malire odziwika, umene mwini wake angakuuzeni kuti mzere uwu ndi wanga, uwo ndi wa aneba.

Chosangalatsa n'chakuti sitiyenera kupita kutali kuti tione kusiyanaku. Dziko lathu lomwe lino linatchedwapo ndi mawu onse awiri, pa nthawi zosiyana.

Pambuyo pa msonkhano wa ku Berlin wa mu 1884 ndi 1885, maiko a ku Ulaya ankapangana za madera a mu Africa amene ambiri a iwo anali asanawapondepo. Dera lotero ankalitcha "sphere of influence". Tanthauzo lake linali lakuti, kuno anzathu musalowerere, n'kwathu kudzachitako zofuna zathu. Pa 1 Julayi 1890, Britain ndi Germany anasainirana pangano limene limadziwika ndi dzina la Heligoland-Zanzibar. Panganolo linati dera la Ajeremani lidzatsata gombe la kum'mawa ndi la kumpoto kwa nyanja yathu mpaka pamene mtsinje wa Songwe umathira m'nyanja. Mu Juni 1891 panabwera pangano lina ndi Apwitikizi, ndipo chaka chomwecho Britain inalengeza kuti dziko lino lili pansi pa chitetezo chake, Harry Johnston n'kukhala woyang'anira.

Koma kodi mu 1890 Angerezi ankalamulira ku Karonga? Ayi. Mlozi, wogulitsa akapolo uja, anakhalabe m'linga lake kufikira Disembala 1895. Angoni a kwa M'mbelwa analowa pansi pa boma la atsamunda mu 1904, patapita zaka 14 chisainireni pangano lija. Zaka zonsezo dera lawo linali mu sphere ya Britain pa mapu a ku London ndi ku Berlin, koma milandu ankaweruza ndi mafumu awo. Wophunzira amene angalembe pa mayeso kuti mu 1890 kumpoto kwa dziko lino kunali realm ya Britain, walakwitsa mbiri, osati Chingerezi chokha. Wapatsa Angerezi ulamuliro umene anali asanaupeze. Ndipo nkhaniyi si yakale yokha ayi: pangano la 1890 lomwelo ndi limene Malawi amatsamira pa mkangano wake ndi Tanzania wokhudza malire a panyanja. Mzere umene anaujambula pogawana sphere unasanduka malire a maiko.

Realm anabwera mochedwa, ndipo sanakhalitse. Pa 6 Julayi 1964 tinalandira ufulu wodzilamulira, koma mtsogoleri wa dziko pa malamulo anali Mfumukazi Elizabeth II, woimiridwa ndi Sir Glyn Jones ngati bwanamkubwa wamkulu, pamene Dr. Kamuzu Banda anali nduna yaikulu. Dziko lodziimira palokha koma lokhala ndi mfumu ya ku Britain ngati mutu wake limatchedwa "Commonwealth realm". Ife tinali otero kwa zaka ziwiri zokha, mpaka pa 6 Julayi 1966 pamene Malawi anakhala ndi pulezidenti wake. Anansi athu a ku Zambia sanadutse njira imeneyi: pa 24 Okutobala 1964 analandira ufulu ali kale ndi pulezidenti, Kenneth Kaunda. Maiko monga Canada, Australia ndi Jamaica adakali ma realm, ndipo Barbados anachokamo mu Novembala 2021. Taonani chodabwitsa chake: pamene tinali realm, mfumukaziyo inalibe mphamvu zenizeni pa ndale zathu, koma dzina ndi mpando zinali zake. Realm amaloza mpando ndi malamulo, ngakhale wokhala pampandoyo atakhala chete.

Tsono tikamalemba tizitani? Pali malo ena amene mawu onsewa amalowa bwino, makamaka ponena za nthambi za moyo monga ndale, chuma kapena maphunziro, ndipo palibe mphunzitsi amene angakudulireni malikisi pa zimenezo. Koma pali mawu ena amene anazolowerana kale ngati nsima ndi ndiwo. Timati "sphere of influence", "sphere of activity", "the public sphere". Timati "the realm of possibility", "the realm of fantasy". Mukawasinthanitsa, mwini chiyankhulo amamva kuti china chake chapotoka ngakhale sangathe kufotokoza chifukwa. Ife timaona kuti sphere amakonda anthu ndi zochita zawo, pamene realm amakonda zinthu zazikulu za m'maganizo, zimene zimaoneka ngati dziko lapalokha. Munthu wamba ali ndi sphere yake, koma mukati ali ndi realm ndiye kuti mukumuseka kapena mukumukweza ngati mfumu.

Kwa omasulira kutchalitchi nkhaniyi ndi yaikulu kuposa malikisi. Mlaliki akati aliyense agwire ntchito mu "sphere of influence" yake, sakunena za ufumu kapena udindo. Akunena za anthu amene timakhala nawo ndipo amatimvera: a m'banja, anzathu a ku hositelo, ogwira nawo ntchito. Womasulira akati "m'dera limene mukulamulira", mayi wogulitsa tomato pamsika aganiza kuti uthengawo ndi wa akuluakulu a mpingo, pamene kwenikweni ndi wake. Msampha wina uli pa "the spiritual realm". Pakamwa pamathamangira kunena kuti "dziko la mizimu", koma kwa omvera ambiri kwathu kuno mizimu ndi ya makolo amene anamwalira, ndipo mlalikiyo mwina amanena za dziko losaoneka ndi maso, la Mulungu ndi angelo. Ndi bwino kutalikitsa chiganizo, n'kuti "zinthu zauzimu zosaoneka ndi maso", kusiyana n'kuika m'kamwa mwa mlendo chiphunzitso chimene sananene.

Katchulidwe nakonso kamatipunthwitsa. Mu sphere, zilembo za ph zimamveka ngati f, osati ngati ph wa mu "phala", ndipo pakati pa s ndi f palibe i. Realm ndiye amatizunza kwambiri, poti ali ndi r koyambirira ndi l chakumapeto, zilembo zimene m'Chichewa sitizisiyanitsa kwenikweni. Chilembo cha a sichimveka konse: mawuwa amatuluka kamodzi, mogwirizana ndi helm, osati "riyalamu" monga timamvera kawirikawiri m'makalasi mwathu.