Riba Yochepa Ndi Riba Ndithu: Za Makhadi a Ngongole ndi Mabungwe a Mamembala

KHUTBAH YOYAMBA

Kuyamikidwa konse ndi kwa Allah, Mwini chuma chonse, amene adatitsegulira makomo ambiri a halaal natitsekera khomo la riba. Ndikuikira umboni kuti palibe wopembedzedwa mwachoonadi koma Allah, ndi kuti Muhammad ndi kapolo Wake ndi Mtumiki Wake. Madalitso ndi mtendere zipite kwa iye, kwa akubanja kwake ndi maswahaba ake onse.

Pambuyo pa izi: inu akapolo a Allah, ndikudzilangiza ndekha ndi kukulangizani inu kuti timuope Allah, pamkeka wa swala ndi pa ndalama za m'thumba zomwe.

Abale ndi alongo m'Chisilamu, ndalama za kuno ku Mecanhelas zasintha njira. Aphunzitsi ndi anamwino amalandira malipiro kubanki. Wamalonda wa ku Entre Lagos amasunga zake pa M-Pesa kapena e-Mola. M'midzi, kuchokera ku Insaca mpaka kunyanja ya Chiuta, muli magulu a poupança, amene anzathu a ku Malawi amawatcha banki m'khonde. Palinso mabungwe osunga ndi kukongoza ndalama amene eni ake ndi mamembala okhaokha: makoperativa amene lamulo la dziko lino la 2009 limawavomereza, ndi ma SACCO a tsidya la malire amene adagwirizana mu MUSCCO kuyambira 1980. Tsono funso ndi ili: bungwe lotere likamachita chilungamo, phindu lake n'kumabwerera kwa mamembala, kenako n'kupereka ngongole kapena khadi la ngongole pa chiwongoladzanja chotsika, kodi Msilamu alandire?

Tiyambe talidziwa khadilo. Makhadi alipo amitundu iwiri. Loyamba, limene mabanki amalitcha débito, limatapa ndalama zanu zomwe mudasunga. Zikatha nalonso latha. Limeneli lilibe vuto. Lachiwiri, la crédito, limakugulirani katundu ndi ndalama za banki, inu n'kudzabweza pa tsiku loikika. Mukalephera kubweza zonse, chotsalacho chimayamba kubereka, ndipo mukachedwabe, chobadwacho nachonso chimabereka. Umu ndimo inalili riba ya Aarabu Chisilamu chisanadze: tsiku likakwana, wokongoza amapereka nthawi ina posinthana ndi kukweza ngongole.

Ma ulama a nthawi yathu adaiunika nkhaniyi. Bungwe la Fiqh la maiko a Chisilamu, pamsonkhano wake wa ku Riyadh m'chaka cha 2000, lidagamula kuti khadi la ngongole lokhala ndi pangano la chiwongoladzanja sililoledwa, ngakhale mwini wake atatsimikiza mumtima kuti azibweza msanga chisanaonjezereke. Lidalola khadi lopanda pangano lotere, ndipo lidalola kuti banki ilandire malipiro okhazikika a ntchito yopanga khadi ndi kulikonzanso. Kusiyana kwake mukuone bwino: malipiro a ntchito sakula ndi kukula kwa ngongole kapena kutalika kwa miyezi, pamene riba imakula ndi zonse ziwiri.

Wina ati, "Koma Shehe, chiwongoladzanjacho n'chochepa." M'bale wanga, werenga kumapeto kwa Surat al-Baqarah, ndime 278 ndi 279. Okhulupirira akulamulidwa kusiya ngakhale chotsalira cha riba, ndipo wolapa akuuzidwa kuti chake ndi ndalama imene adakongoza basi. Palibe mulingo umene udapatulidwa kuti uwu ndi wochepa, udyedwe. Tiwerengenso ndi zala. Munthu wakongola metikali 20,000 pa khadi la 2 pa 100 iliyonse pamwezi. Mwezi uliwonse akupereka 400. Chaka chikatha wapereka 4,800, koma 20,000 ija ikadali chilili. Akulu adati pang'onopang'ono ndi mtolo. Mtolo umenewu akusenza ndi wokongola.

Winanso ati, "Bungweli ndi lathu, chiwongoladzanja chimabwerera kwa ife tomwe." Mawu amenewa ndi olemera, ndipo tisawapeputse. Anthu kusonkhana kuti asadyeredwe ndi akatapira ndi chinthu chabwino, ndipo Chisilamu chimakonda kuthandizana. Koma tapenyani tsiku logawana m'gulu la poupança. Mayi wamasiye wakongola 5,000 mu Novembala kuti agule feteleza. M'magulu ambiri amalipiritsa 10 pa 100 pamwezi, choncho pofika nthawi yokolola, miyezi isanu ndi umodzi, waonjeza 3,000. Pogawana, amatenga gawo lalikulu ndi amene adasunga zambiri. Ndalama yachoka m'manja mwa wosowa n'kupita kwa wopeza bwino, ngakhale onse amakhala pamphasa imodzi. Kumbukirani kuti pa Hajj yotsanzikana, m'chaka cha 10 cha Hijra, Mtumiki, madalitso ndi mtendere zikhale pa iye, pothetsa riba adayambira ya m'banja mwake, ya Abbas, m'bale wa bambo ake. Ubale sudaiyeretse riba tsiku limenelo, ndipo suiyeretsa lero. Komanso m'hadith ya Jabir imene adailandira Imam Muslim, tsoka likugwera wodya riba, woipereka, woilemba ndi mboni zake. Mlembi wa gulu ndi wosunga kiyi wa bokosi aganizirepo.

Ndanena mawu angawa, ndipo ndikupempha chikhululuko kwa Allah, changa ndi chanu. Mpempheni, pakuti Iye Ngokhululuka, Ngwachisoni.

KHUTBAH YACHIWIRI

Kuyamikidwa ndi kwa Allah, ndipo madalitso ndi mtendere zipite kwa Mtumiki Wake.

Abale ndi alongo, Shariya ikatseka khomo limodzi siikusiyani panja pamvula. Chabwino chonse chimene chili m'bungwe la mamembala mungathe kuchisunga. Chochotsa ndi chimodzi chokha. Ena adachita kale. M'chaka cha 1963, m'tauni ya Mit Ghamr ku Egypt, Ahmad al-Najjar adayambitsa banki yosungira alimi ndalama popanda chiwongoladzanja. M'chaka chomwecho ku Malaysia kudayamba thumba losungira ndalama za Hajj limene lero likudziwika kuti Tabung Haji. Adayamba ndi ndalama zochepa za anthu wamba ngati ife.

Nazi njira zimene gulu la pamudzi lingayambe nazo. Yoyamba ndi xitique, chipereganyu: aliyense amalandira ndendende zimene adapereka, ndipo ma ulama ambiri adachilola. Yachiwiri ndi qardh hasan, ngongole yabwino: wodwala kapena woferedwa abweze zomwe adatenga. Akafuna kuthokoza ndi kena kake mwa iye yekha, popanda pangano, palibe choletsa, pakuti Mtumiki adabwezapo ngamira yabwino kuposa imene adakongola. Yachitatu ndi muraabaha: mlimi akufuna feteleza, gulu ligule thumbalo ku Cuamba, likhale lake, kenako limugulitse pa mtengo wodziwika wokhala ndi phindu, wolipira akakolola. Mtengowo usakwere akachedwa. Yachinayi ndi mudhaaraba: gulu lipereke mpamba kwa wogulitsa nsomba za ku Chiuta, agawane phindu monga adapanganira; malonda akaluza popanda kusasamala kwake, gulu litaye ndalama, iye ataye thukuta. Zonsezi zilembedwe pamaso pa mboni. Ndime yaitali kuposa zonse m'Qur'an, ya 282 ya al-Baqarah, ikunena za kulemba ngongole.

Amene mumalandira malipiro kubanki, landirani ndi mtima wokhazikika. Banki ikaika chiwongoladzanja pa ndalama zanu, chichotseni mupatse osauka osayembekezera thawabu. Musanasaine pepala lililonse, funsani kuti, "Ndikachedwa, ngongoleyi ikula?" Akati inde, bwezani cholemberacho. Amene muli kale m'ngongole yotere, musataye mtima: lapani, lekani kuligwiritsa ntchito khadilo, bwezani mwachangu mmene mungathere. Ndipo inu okongoza, m'bale wanu akapanikizika mumuyembekeze, monga ikulamulira ndime 280.

E, Allah, tikwaniritseni ndi halaal Yanu, muwapepuze onse olemedwa ndi ngongole, mudalitse minda yathu ndi malonda athu, muwakhululukire makolo athu amoyo ndi amene adatsogola. Aamiin.

Imirirani tiswali.