Kulumikiza Wayilesi ya pa Intaneti ku Asterisk kuti Odikira pa Foni Azimva Nyimbo

Munthu akayimba foni ku ofesi, wolandira alendo nkumuuza kuti "tadikirani pang'ono ndikupatseni abwana", chimene chimatsatira kawirikawiri ndi zii. Woyimba uja amachotsa foni kukhutu nkuyiyang'ana, mayunitsi akutsika, osadziwa ngati layini ikadalipo kapena yaduka. Ambiri amangodula. Kapepala kano ndi ka inu amene mumasamalira makompyuta ndi mafoni pa ofesi, pa sukulu, pa chipatala kapena pa kopaletivi, ndipo kakufotokoza momwe mungaikire nyimbo za wayilesi ya pa intaneti pamalo pa zii ameneyu.

Asterisk ndi chiyani?

Ndi pulogalamu yaulere imene imasandutsa kompyuta wamba ya Linux kukhala makina ogawa mafoni mu ofesi: foni imalowa pa nambala imodzi, iwo nkuipereka ku ofesi ya zachuma, ku sitolo kapena kwa mkulu wa ofesi. Anailemba ndi Mark Spencer mu 1999 ku Huntsville, m'chigawo cha Alabama ku America, chifukwa kampani yake yaing'ono inalibe ndalama zogulira makina otere. Kampaniyo inadzatchedwa Digium, ndipo mu 2018 inagulidwa ndi Sangoma ya ku Canada. Aliyense ali ndi ufulu wotenga pulogalamuyi, kuona mkati mwake ndi kuisintha. Ambiri amaigwiritsa ntchito kudzera mu FreePBX, imene imakupatsani mabatani m'malo molemba malamulo pamanja, koma pansi pake ndi Asterisk yomweyo.

Asterisk ikangoikidwa kumene imabwera ndi nyimbo zake zingapo m'foda ya /var/lib/asterisk/moh, ndipo imangozibwerezabwereza. Makasitomala oyimba tsiku ndi tsiku amafika poziloweza. Nchifukwa chake ena amakonda wayilesi: zomveka zimasintha zokha popanda wina kukhudza makina.

Zofunika kukhala nazo

Mufunika mpata wolowera mu seva ngati woyang'anira, intaneti yodalirika, kapulogalamu kotchedwa mpg123, ndi adilesi ya wayilesi. Pa adilesi m'pamene ambiri amapunthwa. Tsamba la wayilesi limene mumatsegula nkudina batani lomvera si adilesi imene tikunena. Tikufuna ya mtsinje wa mawu weniweniwo, umene kawirikawiri umachokera pa seva ya Icecast kapena Shoutcast. Mukapeza fayilo yothera ndi .m3u kapena .pls, itseguleni ngati kalata wamba: adilesi ili mkatimo. Iyeseni kaye pa pulogalamu ya VLC. Ikakana kuyimba pamenepo, pa Asterisk sikayimbanso.

Kaikidwe kake

Tsegulani fayilo ya /etc/asterisk/musiconhold.conf, ndipo kumapeto kwake lembani mizere itatu iyi:

[wayilesi]
mode=custom
application=/usr/bin/mpg123 -q -r 8000 -f 8192 --mono -s ADILESI

Pamene palembedwa ADILESI ikanipo adilesi ija. Mzere woyamba ndi dzina chabe la gulu la nyimbo, mutha kulitcha momwe mungafunire. Wachiwiri ukuuza Asterisk kuti mawu ikawatenge kwa pulogalamu ina. Wachitatu ndiye mwini nkhani, ndipo musaukopere m'chimbulimbuli.

Foni wamba imadula mawu m'tizidutswa 8000 pa sekondi, pamene wayilesi zambiri za pa intaneti zimatumiza 44100. Ntchito ya -r 8000 ndi kutsitsa mawuwo kuti akwane pa foni. Mukaiwala, mudzamva woyimba nyimbo akukoka mawu pang'onopang'ono ndi liwu lamanzenene ngati kaseti ya m'wayilesi yotha mabatire. --mono ikuphatikiza mawu a kumanja ndi a kumanzere chifukwa foni ndi ya khutu limodzi. -s ikulamula kuti mawu apite kwa Asterisk osati ku sipika, ndipo -q ikuletsa mpg123 kulemba zokamba zake. Nambala ya 8192 ndi kukweza kwa mawu: mlingo wonse ndi 32768, ndiye apa tatenga gawo limodzi mwa magawo anayi. Nyimbo zikamaboola khutu, tsitsani kufika pa 4096.

Sungani fayiloyo, lowani mu Asterisk polemba asterisk -rvvv, kenako lembani moh reload. Lamulo la moh show classes likuonetsani ngati gulu lanu lalandiridwa. Pofuna kudzimvera nokha, pangani nambala yoyesera mu extensions.conf:

exten => 600,1,Answer()
same => n,MusicOnHold(wayilesi)

Lembani dialplan reload, imbani 600 pa foni ya mu ofesi. Zikamveka bwino, ikani musicclass=wayilesi mu queues.conf kuti oima pa mzere azimva zimenezo. Amene muli ndi FreePBX musakhudze mafayilo amenewa, chifukwa iyo imawalembanso yokha nkufufuta zanu. Pitani pa gawo la Music on Hold, onjezani gulu latsopano, mzere wachitatu uja muulembe m'bokosi lake popanda mawu oti application=.

Dziwani kuti mpg123 imawerenga MP3 ndi abale ake okha, ndipo yakale siitha adilesi zoyamba ndi https. Wayilesi yanu ikakhala ya AAC, gwiritsani ntchito ffmpeg: lembani ffmpeg -loglevel quiet -i ADILESI -f s16le -ar 8000 -ac 1 - m'kafayilo kapadera ka malamulo, kapatseni chilolezo ndi chmod +x, ndipo pa application mulozere kafayiloko. Kamzere komalizira kaja si kolakwika, musakachotse.

Mtengo wobisika

Apa ndiye tikhalepo pang'ono, chifukwa kuika mizere itatu nkosavuta, koma ndalama zimathera pena. Mukaika motere, Asterisk imatsegula wayilesi ikangodzuka ndipo siitseka, kaya pali wodikira kaya palibe. Ili ngati mpopi wosiyidwa wosatseka: usiku, Lamulungu, pa Khirisimasi, data ikungotayika.

Tiwerengere limodzi. Wayilesi ya 128 kbps imadya makilobayiti 16 pa sekondi. Pa ola ndi pafupifupi 58 MB, pa tsiku 1.4 GB, pa mwezi kupitirira 41 GB. Ofesi ya intaneti yolipira kamodzi pa mwezi singamve kanthu. Koma ngati rauta yanu imayendera bandulo, mudzadabwa yatha sabata isanathe, nkuyamba kuloza chala anyamata a mu ofesi kuti akuonera mpira. Sankhani adilesi ya 64 kapena 32 kbps ngati wayilesiyo ili nayo. Simutayapo kanthu, pakuti foni wamba imangonyamula mawu a pakati pa 300 ndi 3400 Hz. Besi yonse imatsalira panjira, ndipo woyimba pa foni ya m'manja amamva zochepa kuposa pamenepo chifukwa netiweki inakonzedwera kuyankhula. Ubwino wake ngwakuti anthu khumi akamadikira pamodzi, onse amamwa pa mpopi umodzi womwewo, data sichuluka.

Vuto lachiwiri: intaneti ikaduka, zii uja wabweranso. Asterisk imayesa kudzutsanso mpg123, koma si nthawi zonse pamene nyimbo zimabwerera zokha, makamaka magetsi akabwera seva nkudzuka rauta isanagwire netiweki. Zoloweretsani wina kuyimba 600 m'mawa uliwonse.

Chachitatu nchakuti pa wayilesi mulibe ulamuliro. Taganizani mayi woyimba ku chipatala kufunsa za mwana wake amene wagonekedwa, pa kudikirapo nkumamva mauthenga a maliro. Kapena kasitomala wa sitolo yanu ya fetereza akumvera kutsatsa kwa sitolo ya tsidya lina la msewu. Nthawi ya kampeni ndiye musachite kufunsa.

Nanga eni nyimbo?

Kuti nyimbo ikumveka kwaulere pa intaneti sizitanthauza kuti mwaloledwa kuimvetsera makasitomala anu. Ku Malawi zimenezi amayang'anira ndi a COSOMA, bungwe lomwe linakhazikitsidwa mu 1992, ndipo lamulo la umwini wa zaluso limene likugwira ntchito ndi la 2016. Ku Zambia kuli ZAMCOPS, ku South Africa SAMRO. Kambani nawo musanayatse, komanso pemphani chilolezo kwa eni wayilesiyo.

Malangizo athu

Kwa maofesi ambiri aang'ono, wayilesi ya kunja siyoyenera. Njira yabwino ndi kujambula mawu anuanu: nthawi yotsegulira, tsiku la sikelo ya ana, mitengo ya mbewu, masiku a msonkhano wa mamembala, nkuikapo kanyimbo kamene muli nako chilolezo. Sungani ngati WAV ya 8000 Hz, 16 bit, mono, m'foda yakeyake, nkulemba mode=files ndi directory= yolozera fodayo. Data siidya, ndipo intaneti ikaduka imangopitiriza.

Ngati muli ndi nthambi zingapo ndipo mukufuna kusintha uthenga pamalo amodzi, ikani Icecast yanu, imenenso ndi yaulere, nkulozera Asterisk ya nthambi iliyonse kumeneko ndi mizere itatu yomwe ija. Wayilesi yeniyeni imayenera kwambiri nyumba youlutsa mawu kapena mpingo umene uli ndi wayilesi yakeyake, kumene wodikira amamva pulogalamu imene ili pa mphepo.

Chilichonse chimene mwasankha, musanauze abwana kuti ntchito yatha, tulukani panja, imbani nambala ya ofesi pa foni yanu ya m'manja, pemphani kuti akudikiritseni, ndipo mumvere kwa mphindi zitatu zathunthu.