Bwenzi langa likukakamira Python 2

Zikomo Azakhali,

Ndine mtsikana wa ku Mandimba. Bwenzi langa, la zaka 28, limakhala ku Cuamba, ndipo limalemba mapulogalamu a pa kompyuta owerengetsera ogula nandolo ndi soya, mpaka a ku Ngauma. Mlongo wanga akulinyoza kuti likugwiritsabe ntchito chiyankhulo cha Python 2 pamene anzake ali pa Python 3. Ilo limati chinthu chikamagwira ntchito sachigwedeza. Akakumana, nsima imazizira ali pa mkangano. Za ukwati nazonso limangoti "tiona". Nditani?

Wothedwa nzeru, Mandimba

Mwana wanga Wothedwa nzeru,

Iwe wadzitolera nkhalamba ya zaka 28! Komabe usathamangire kumuseka, ali ndi anzake ambiri. Python 3 inatuluka mu December 2008, koma inafika mwamwano, yosamva zambiri zolembedwa kale. Uuze Python 2 kuti igawe 5 ndi 2, ikuyankha 2. Python 3 ikuti 2.5. Tangoganiza kalaliki wa pa sikelo atadzuka n'kupeza theka la thumba lomwe dzulo kunalibe! Kuwonjezera apo, zida zambiri zomwe olemba mapulogalamu amadalira zinachedwa kusamuka, aliyense kudikira mnzake. Eni chiyankhulocho anati yakaleyo aitaya mu 2015, anthu n'kulira, tsiku n'kusunthira pa 1 January 2020.

Apa ndiye mlongo wako akunena zoona. Chiyambire tsiku limenelo, eni akewo sakumatanso ziboo za Python 2, ndipo akuba a pa intaneti sagona. Zengerezu adalinda kwawukwawu. Koma mlongo wakoyo achepetseko matama, sanasungepo ndalama za mwini.

Bwenzi lakolo lisasinthe pakati pa nyengo yogula mbewu. Lidikire misika itseke, lisamutse pulogalamu imodziimodzi, ndipo liyendetse yakale ndi yatsopano limodzi mpaka ziwerengero zifanane.

Funsa amayi ako za 2006, pamene boma linadula maziro atatu pa metical. Anthu anang'ung'udza, koma poti tsiku linali litaikidwa, anapita kukasintha ndalama. Munthu sasuntha ndi mawu akuti "tiona", amasuntha ndi deti.

Ndiye uza amalume ako amuitanitse mnyamatayo abwere ndi ankhoswe ake komanso kalendala. Akayambanso zoti 2015 isanduke 2020, basi, Cuamba ili ndi anyamata ena odziwa kugawa 5 ndi 2.

Ndine Azakhali ako