Phunziro: Manyowa a M'dzenje pa Munda wa Mchewere

Nthaka ndi amana imene Allah anatisungitsa, ndipo yathu ya mchengayi yatopa. Mukaona mchewere wapinimbira, masamba achita chikasu, kaufiti ali mbwee, dziwani kuti munda uli ndi njala. Feteleza pa mchenga sakhalitsa, mvula ikagwa amalowerera pansi. Manyowa ndiwo amasunga chinyezi ndi chakudya pafupi ndi mizu.

Mukangokolola, musatenthe mapesi ayi. Kumbani dzenje lakuya mita imodzi pamthunzi. Yalani mapesi oduladula, pamwamba pake ndowe za mbuzi kapena ng'ombe, masamba aawisi, phulusa pang'ono, kenaka dothi. Bwerezani choncho mpaka dzenje lidzaze. Mamba ndi matumbo a nsomba, zija timataya kugombe, ziikeni pakatikati ndipo mukwirire bwino kuopa agalu ndi ntchentche. Wazani madzi, koma pasachite chithaphwi. Tembenuzani mwezi uliwonse. Pakatha miyezi itatu, manyowa akada ndi kusiya kununkha, ndiye kuti apsa. Osapsa amapsereza mbewu.

Pa phando lililonse thirani odzaza manja awiri, musakanize ndi dothi musanabzale. Yambani lero, mvula siyembekeza munthu. Insha Allah, chaka chino nkhokwe sikhala yopanda kanthu.